Nyama za pa chizindikiro cha dziko la Malawi: tizitchula bwanji?

Funso: Ndine mphunzitsi wa pulayimale. Pofotokozera ana za chizindikiro cha dziko lathu, ndizinena kuti "mkango waimirira" kapena "mkango aimirira"? Nanga nyama ya mbali inayo ndi kambuku kapena nyalugwe?

Zikomo aphunzitsi. Chizindikirochi chinakhazikitsidwa mu 1964, chaka chomwe dziko linalandira ufulu. Chishango chagwiriziridwa ndi mkango mbali imodzi ndi nyalugwe mbali inayo, zonse zitaima pa phiri la Mulanje, ndipo pamwamba pali nkhwazi.

Mkango uli m'gulu la Mu-Mi, limodzi ndi mtengo ndi mudzi. Choncho timati "mkango waukulu ukubangula", ndipo ikachuluka timati "mikango iwiri ikubangula". Ana ambiri amalemba "mkango wamkulu akubangula" chifukwa anazolowera nthano, momwe Mkango amayankhula ngati munthu: "Mkango anaitana Kalulu." M'nthano zimenezo n'zololedwa, pakuti Mkango lasanduka dzina la mwini. Pofotokoza nyama yeniyeni, bwererani ku "u" ndi "i", ndipo nenani kuti "mkango waimirira". Samalaninso ndi kalembedwe ka "nkango". N'kolakwika, ndipo umboni wake ndi "mikango": "mi" ameneyu amachokera ku "m", osati "n".

Kambuku ndi nyalugwe ndi nyama imodzi, ya mawangamawanga ija imene imakweza nyama yomwe yagwira mumtengo. Mayina onsewa ali m'gulu la Mu-A: nyalugwe mmodzi, anyalugwe awiri, kambuku wolusa, akambuku olusa. Pa kambuku pali msampha. Popeza mawuwa ayamba ndi "ka", mwana amaganiza za kamwana ndi tiana, n'kulemba "kambuku kakuthamanga". Koma "ka" ameneyu si wochepetsa, ndi mbali ya dzina monga mu kalulu. Timati "kambuku akuthamanga". Ine ndimakonda kuti mphunzitsi asankhe dzina limodzi pa phunzirolo, linalo alitchule kamodzi kokha. Akamasinthasintha, ana amatuluka m'kalasi akuganiza kuti pachizindikiropo pali zilombo zitatu.

Funso: Ndimakhala ku Lusaka. Kuno ndimaona "Nkwazi", kwathu timalemba "nkhwazi". Cholondola n'chiti?

M'Chichewa cha ku Malawi, k, t kapena p akatsatana ndi n kapena m wa gulu la I-Zi amatuluka ndi mpweya, ndipo mpweyawo timaulemba ndi h: nkhuku, nkhumba, nthiwatiwa, mphemvu. Ndiye lembani nkhwazi. "Nkwazi" wopanda h mumupeza m'mayina a ku Zambia monga timu ya mpira ya Nkwazi, ndipo dzina la eni ake sitilikonza. Mbalameyi ndi yomwe ili pa mbendera ya Zambia. Dzinali silisintha pochulukitsa: nkhwazi imodzi ikulira, nkhwazi zitatu zikulira. Musaitche chiwombankhanga. Nkhwazi ndi ya mutu ndi chifuwa choyera, imakhala m'mbali mwa nyanja ndi mitsinje ngati Shire, ndipo imakwatula nsomba pamwamba pa madzi.

Funso: Tinene "atambala" kapena "matambala"?

Zonse zilipo, koma sizitanthauza chinthu chimodzi. Tambala wa m'khola, amene amalira m'bandakucha, ali m'gulu la Mu-A: tambala wakuda, atambala awiri akumenyana. Ndalama ya tambala, yomwe inabwera pamodzi ndi kwacha mu 1971, inatenga dzina kwa tambala yemweyo, ndipo 100 yake imapanga kwacha imodzi. Pochulukitsa ndalamayi anthu amati matambala, monga amanenera makobiri. Mukalemba kuti "ndatsala ndi atambala asanu", wowerenga aganiza za nkhuku zisanu, osati za m'thumba mwanu.