Magulu a makristalo ndi 6 kapena 7?

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake buku lina limati magulu a makristalo (miyala kapena zitsulo zimene maatomu ake anasanjika mwadongosolo) ndi 6 pomwe lina limati 7. Mabuku onsewo akunena zoona. Maguluwo ndi cubic, tetragonal, orthorhombic, hexagonal, trigonal, monoclinic ndi triclinic, koma olemba ena amalowetsa trigonal mu hexagonal, n'kutsala 6.

Chonde musadalire maso okha. Quartz imene ogulitsa miyala muno mu Harare angakuonetseni imakhala ndi mbali 6, koma ndi trigonal, chifukwa chimene chimawerengedwa ndi kasanjidwe ka maatomu m'kati mwake. Emerald, mwala wobiriwira wamtengo wapatali, ya ku mgodi wa Sandawana muno mu Zimbabwe ndiye hexagonal yeniyeni. Dayamondi wa ku Marange, golide ndi chromite ya ku Great Dyke zonsezi ndi cubic, pomwe petalite ya ku Bikita, mwala wokhala ndi lithium uja, ndi monoclinic.