Mitima yofiira pa khoma la ku London

FUNSO: Zikomo akonzi. Achimwene anga anamwalira ndi Covid mu 2021 kuno ku UK, kumaliro tinaloledwa ochepa, ena anangoonera pa Zoom, mpaka pano mtima sunakhale pansi. Ndamva zoti ku London kuli khoma la mitima, kodi nane ndingakalembepo dzina lawo?
Wowerenga, Leicester

YANKHO: Pepani kwambiri achemwali. Eee mungathe, ndipo salipiritsa. Khomalo lili m'mbali mwa mtsinje wa Thames, pafupi ndi chipatala cha St Thomas', moyang'anizana ndi Nyumba ya Malamulo, kutalika kwake pafupifupi mamita 500. Silinayambitsidwe ndi boma ayi, anali anamfedwa a gulu la Covid-19 Bereaved Families for Justice mothandizana ndi gulu lochita makampeni a zandale la Led By Donkeys, mu Malichi 2021 anangofika nkuyamba kujambula osadikira chilolezo, mtima umodzi kuimira munthu mmodzi womwalira ndi Covid, pano mitimayo yadutsa 200,000. Chomwe chimandikhudza ine nchoti utoto uja umafwifwa ndi mvula ndi dzuwa ndiye pali anthu ongodzipereka amapitako Lachisanu kukapakanso, ambiri ofedwa ngati inu nomwe.

Mukafika fufuzani mtima wosalembedwa, mulembe dzina lawo ndi cholembera chosafufutika, mujambule mutumize pa WhatsApp kumudzi abale aone.