Bwanji Maxima ikufupikitsa masamu ena n'kusiya ena?

Mphunzitsi wina wa masamu ku Ngabu watitumizira imelo. Akuti akalemba x+x mu Maxima, pulogalamu ya pakompyuta yowerengera masamu, imabweza 2*x, koma (x^2-1)/(x-1) imangoisiya momwemo, chonsecho mwana wa Fomu 3 amadziwa kuti ndi x+1. Kodi pulogalamuyi yawonongeka?

Ayi aphunzitsi, ili bwinobwino. Pali zinthu zochepa zimene Maxima imachita yokha musanaiuze, monga kuphatikiza zofanana, kuwerengera manambala (1/3+1/6 imakhala 1/2), kuchotsa ziro wophatikizidwa ndi 1 wochulukitsa. Zina zambiri imadikira lamulo lanu. Kumasula mabulaketi ndi expand, kubweza m'mabulaketi ndi factor, fulakishoni yanu ija ikufuna ratsimp, ndipo sin(x)^2+cos(x)^2 sisanduka 1 popanda trigsimp.

Kudikira kumeneku ife timakuyamikira. Tayesani ratsimp pa (x^100-1)/(x-1): kamzere kamodzi kamasanduka zigawo 100. Nanga chachifupi n'chiti pamenepa? Pulogalamu singadziwe chimene mukufuna kuonetsa pa bolodi. Komanso mu 1968 katswiri wa masamu Daniel Richardson anatsimikiza kuti pa masamu ena okhala ndi sin, exp ndi abs, palibe njira imodzi yodziwira nthawi zonse ngati yankho lake ndi ziro.

Pofunika kusamala kwambiri ndi apa. Fulakishoni yanu ilibe yankho x akakhala 1, chifukwa mukugawa ndi ziro, ndipo mukaikamo 1 Maxima imakana. Koma ratsimp ikakupatsani x+1, chenjezo lija latayika: ikanimo 1, mupeza 2. Ngakhale x/x imasanduka 1 yokha osafunsa ngati x ndi ziro. Choncho muziwauza ana alembe x ≠ 1 pambali asanafupikitse, kompyuta siwakumbutsa.

Onaninso sqrt(x^2). Maxima imabweza abs(x), kutanthauza x wopanda chizindikiro cha minasi, osati x, ndipo ikulondola: x akakhala -3 yankho ndi 3. Ngati x wanu ndi kutalika kwa munda, yambani ndi assume(x>0), mukatha mulembe forget(x>0), apo ayi lamulo la assume lija lisokoneza funso lotsatira. Musadabwenso mnzanu wogwiritsa SymPy, pulogalamu ina ya masamu, akapeza zooneka mosiyana: kumeneko 2*(x+1) imamasuka yokha kukhala 2*x+2, pamene Maxima imaisiya.

Mukafuna kuti ana aone funso lisanakhudzidwe, lembani simp:false, koma mubwezeretse simp:true musanawerengere, chifukwa malamulo ambiri a Maxima amadalira kufupikitsa kumeneku. Zonsezi sizifuna intaneti, ndiye ngakhale anzathu a ku Makhanga ndi Muona angathe kuyesa pa kompyuta ya sukulu.