Sinthani batire kaye, za injini zidikire

Achimwene, mwafunsa ngati kuli bwino kukonzanso njinga yanu yakale yamagetsi kapena kuimangirira injini ya petulo. Ine ndikuti yambani ndi batire. Pa njinga zimenezi chimene chimatopa msanga ndi batire, mota ya m'gudumu imakhalitsa. Ngati batire yanu ndi ya asidi yolemera ija, ikani ya lithium ya mphamvu yofanana, 36V kapena 48V malinga ndi zimene zalembedwa pa controller (kabokosi kowongolera magetsi opita ku mota), ndipo mugule ndi chaja yake yomwe. Chaja yakale musaigwiritse pa batire yatsopano, ingathe kubutsa moto.

Injini ndinaiyesapo, yaing'ono ya mtundu wa 2-stroke, kukula kwake 66cc. Kuthamanga imathamangadi, koma petulo wake ndi wosakaniza ndi oilo nthawi zonse, ndipo imanjenjemera mpaka manja kuchita dzanzi. Sabata iliyonse ndinkakhala pansi ndi sipanala kumanga mabawuti, masipoko akumbuyo akuduka imodziimodzi poti giya ya tcheni imagwirira pomwepo. Mabuleki a njinga nawo sanapangidwire liwiro lotere. Yezaninso felemu, chifukwa njinga zambiri zamagetsi zilibe mpata pakati woti injini ikhalepo.

Ngati mumayenda mtunda wautali kopanda potchajira, apo pokha injini ndingaivomereze.