Nkhani yanuyi ili m'nyumba muja, osati pa eyapoti

Achemwali, ndaliona funso lanu lija. Mwati mukulemba nkhani ya achinyamata, ya mtsikana wa zaka 16 amene wapita kunja pa pulogalamu ya exchange (yosinthana ana asukulu pakati pa mayiko, mwana n'kumasungidwa ndi banja la kumeneko) kukaphunzira chaka chimodzi, ndiye mwafika chaputala 4 zakukanikani, nkhani ikungomveka ngati munthu akufotokoza malo amene anakaona, ndipo mukufunsa ngati kuikamo kamnyamata kungaidzutse. Pepanitu nditalikitsa, nkhani zamtunduwu ndimazikonda koopsa koma zambiri ndimazisiyira panjira pa chifukwa chomwe mwanenachi.

Kamnyamatako kasungeni kaye pambali, tikabwererako. Ndikufunseni, mwanayu wapita dziko liti, ndipo wapita kudzera bungwe liti? Musangoti "kunja" basi, kunja si dzina la malo. Mabungwe amenewa amasiyana ndipo kusiyana kwakeko ndi kumene kumakupatsani nkhani yaulere. AFS (American Field Service) inayamba ngati gulu la anthu odzipereka oyendetsa maambulansi pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, zotenga ana asukulu inadzaziyamba nkhondo yachiwiri itatha, ana oyamba anafika ku America mu 1947. YFU (Youth For Understanding) inayambira ku Michigan, ku America, mu 1951 ndi achinyamata ochokera ku Germany, anthu oti dzana lomweli anali adani. Ndiye pali Rotary, imene imatenga ana a zaka 15 mpaka 19, ndipo mwana wopita chaka chathunthu kawirikawiri sakhala banja limodzi, amamusamutsa mabanja awiri kapena atatu. Tangoganizani zimenezo ngati wolemba. Wangoyamba kuzolowera mayi a pakhomo loyamba, wadziwa kumene amaika masipuni, galu wasiya kumuuwa, kenako akumuuza kuti longedza sutikesi Loweruka ukupita kwina. Chaputala chonse chimenecho, simunavutike n'komwe.

Ana a Rotary aja amavalanso jekete lomwe amalidzaza mapini osinthana ndi anzawo a mayiko ena, pofika potha chaka limakhala likulemera ngati thumba la misomali. Kanthu ngati kameneko kakhoza kuyenda ndi nkhani yanu kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza.

Mukamutumiza ku America dziwani kuti amalowa ndi viza ya J-1, saloledwa kulembedwa ntchito kupatula timaganyu monga kulera mwana wa neba, ndipo banja lomusungalo sililipidwa, limangodzipereka. Apa ndi pamene ine ndimafuna olemba azikhazikika koma amangodutsapo. Mwana akudya chakudya cha anthu oti si abale ake, sakulipira, sangadandaule, tsiku lililonse akuyenera kuoneka wothokoza ngakhale wadzuka mtima uli zii. Kumwetulira kokakamiza kwa miyezi khumi kumatopetsa kuposa mayeso. Nanga mwana wa pakhomopo, amene anamulanda theka la chipinda osamufunsa bwinobwino, mukuganiza akusangalala? Ameneyo ndiye munthu wachiwiri wa nkhani yanu, mupatseni dzina, mupatseni mkwiyo wake womveka, asakhale woipa chabe.

Vuto la chaputala 4 ndikuliganizira kuti ndi ili: mwamaliza zosangalatsa zonse, ndege, eyapoti, chikwangwani cholembedwa dzina lake molakwika, nyumba zitalizitali, ndiye mwasowa chochita. Koma nkhani imayambira pomwepo. Muikeni m'bafa usiku woyamba, wavula kale, waima pa shawa yoti sakudziwa potsegulira, akupotokola uku madzi oundana, akupotokola uku akutentha ngati amusupula, ndipo akuchita manyazi kuitana chifukwa sakudziwanso kuti mayi omusunga aja awaitane kuti chiyani. Iwo anamuuza kuti uzingonditchula dzina, iye pakamwa pakukana, moti kwa masabata atatu akungotsokomola akafuna kuwalankhula. Amaliza wangosamba kumaso, watuluka akumwetulira, amufunsa kuti zili bwino, iye eya zili bwino kwambiri. Owerenga a zaka 15 zimenezo adzazikumbukira kuposa ndime zisanu zofotokoza nyumba yachifumu yakale.

Chinanso chomwe ambiri amachiphonya ndi chilankhulo. Mwana woti kwawo ndi wanthabwala, akalankhula kalasi yonse ili gwede gwede kuseka, akafika kumene sadziwa chilankhulo amasanduka munthu wofatsa wosayankhula, anthu n'kumati koma mwanayu ndi waulemu. Iye mumtima akulira kuti ine si ameneyu. Pa tebulo onse aseka, iye akuseka mochedwa, ena atasiya kale. Ndiye lembani tsiku limene waponya nthabwala yake yoyamba m'chilankhulo chawo anthu n'kusekadi, kapena m'mawa umene wadzuka n'kuzindikira kuti walota m'chilankhulo cha eni dziko. Ana ambiri opita ku exchange amalikumbukira tsiku limenelo. Koma chonde musamupangitse kulankhula bwinobwino pa sabata ziwiri, ndimatseka buku pomwepo.

Kalendala nayo muione, ena amalemba ngati dziko lonse limatsegulira sukulu mwezi umodzi. Ku Japan chaka chasukulu chimayamba Epulo, ana amavula nsapato pakhomo la sukulu n'kuvala zam'kati, ndipo amasesa ndi kukolopa okha makalasi. Ku America ndi Ogasiti kapena Seputembala. Ku Australia ndi chakumapeto kwa Januwale, Khirisimasi yawo ndi yotentha. Mukamuika ku Berlin, mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, amachoka kunyumba kuli mdima n'kubwerera kukuda kale, ndipo nthawi imeneyo ndi yomwenso zachilendo zija zasiya kukoma. Katswiri wina wa zachikhalidwe cha anthu, Kalervo Oberg, ndi amene anatchukitsa mawu oti culture shock m'zaka za m'ma 1950, anafotokoza kuti munthu amayamba ndi kusangalala ndi chilichonse, kenako chilichonse chimamunyansa, kenako n'kumazolowera pang'onopang'ono. Sikuti aliyense amatsata ndondomeko imeneyi ngati masitepe ayi, koma kwa wolemba ndi msana wabwino. Chaputala 4 chanucho chili pa chiyambi cha kunyansidwa. Mulekeni akwiye ndi zinthu zazing'ono, fungo la sopo wochapira, phokoso la fuliji usiku, kufunsidwa funso lopusa lomwelomwelo la dziko lakwawo kachisanu tsiku limodzi.

Foni musaiiwale. Mwana wa masiku ano sasowa kwawo ngati akale olemba makalata, kwawo ali nako m'thumba. Akuona pa WhatsApp anzake ali pa phwando popanda iye, mnzake wapamtima wapeza mnzake wina, mayi ake akuimba nthawi yoti iye ali m'kalasi chifukwa maola amasiyana. Thupi lili uku mtima uli uko, mpaka tsiku lina mayi omusunga agogoda n'kunena kuti foniyo uisiye pa tebulo tikamadya. Mkangano wokoma umenewo, onse awiri akulondola.

Tsopano kamnyamata kaja. Kaikenimo ngati mukufuna, achinyamata amakondana, sitingabise. Koma ana a Rotary amauzidwa malamulo anayi otchuka: osamwa mowa, osayendetsa galimoto, osakhudza mankhwala osokoneza bongo, osalowa m'chibwenzi, ndipo wophwanya akhoza kubwezedwa kwawo chaka chisanathe. Mwaona kusiyana kwake? Chibwenzi chikatero chili ndi mtengo, komanso chili ndi tsiku lothera lolembedwa kale pa tikiti. Chomwe chimandikwiyitsa ine ndi nkhani yoti mnyamata wokongola wa timu ya mpira wangomuona tsiku loyamba basi mavuto onse atha, iye ndiye womasulira, iye ndiye womuteteza, mtsikana wathu wangosanduka katundu wonyamulidwa. Akhalepo, koma mtsikanayo asochere yekha pa basi n'kudzipezera yekha njira.

Ndipo musathere pa eyapoti akulira akukumbatirana. Siyani machaputala awiri a kubwerera, chifukwa kubwerera kumapweteka mwina kuposa kupita. Wafika, chipinda chake chikuoneka chaching'ono, mng'ono wake watalika, aliyense akufunsa kuti kunali bwanji koma akangoyamba kufotokoza maso awo ali pa foni, anzake akumunena kuti wayamba matama chifukwa mawu ena akumutuluka m'chilankhulo china osafuna. Usiku akupezeka akulembera meseji mwana wa pakhomo uja amene ankadana naye.

Chaputala 4 chija tayesani kuchiyamba pa tebulo la chakudya chamadzulo, tsiku la 40, palibe chachilendo chomwe chachitika, mwana wa pakhomo wangonena kanthu mwachangu onse n'kuseka kupatula iye. Mukachimaliza muchiponye muno, ine ndiwerenga.