Mavwende a cantaloupe akundidyera mpamba, ndisiye?

Funso: Zikomo alangizi. Ndine mayi wogulitsa zipatso, ndipo posachedwa ndayamba kuodanso mavwende a cantaloupe, aja a khungu looneka ngati lakutidwa ndi ukonde. Ulendo woyamba ndinasankha olimba kuti asawole msanga, koma makasitomala anadandaula kuti akumveka ngati nkhaka. Ulendo wachiwiri ndinatenga onunkhira kwambiri, ndiye mwa 20 amene ndinaoda, anayi anandiwolera. Kodi ndingosiya?

Yankho: Mayi, musasiye. Maulendo awiri onsewa vuto linali limodzi, ndipo linayambira pooda pomwepo.

Tiyambe ndi anayi owolawo, chifukwa mwina simunaone bwino kukula kwa bala lake. Tinene kuti pa vwende lililonse mumaikapo phindu lokwana gawo limodzi mwa magawo anayi a mtengo umene munaodera. Mukagulitsa 16 otsalawo, ndalama imene yalowa ikungofanana ndi imene munaodera onse 20. Mwanyamula katundu, mwakhala pamalonda masiku angapo, phindu palibe, ndipo ndalama ya mayendedwe mwachita kuchotsa m'thumba mwanu.

Chimene chinakusokonezani ulendo woyamba n'chakuti munalitenga vwendeli ngati nthochi kapena mango. Zipatso zimenezo zimapitiriza kutsekemera zitathyoledwa kale. Cantaloupe satero. Shuga wake yense amachokera ku chomera, makamaka m'masiku omaliza asanathyoledwe. Akathyoledwa wosakhwima amafewa ndithu mukamusunga, kafungo kamabwerako, koma kutsekemera sikuonjezeka ngakhale pang'ono. Amene akukuuzani kuti "tengani, likapsera kunyumba" akukugulitsani vwende limene lidzangofewa basi.

Ndiye mukafika pooda, yambani ndi pamchombo pake, pamene panali kaphesi kolumikiza chipatso ku chomera. Vwende lokhwima limadzilekanitsa lokha, n'kusiya kachipsera kozungulira, kolowa pang'ono, kosalala. Mukaona kaphesi kadakalipo, kapena pamalopo pang'ambika ngati munthu anachita kulimbana nalo, nthawi zambiri ndiye kuti linathyoledwa msanga. Ndati nthawi zambiri chifukwa ilipo mitundu ina, makamaka yolimidwa kuti izitha kuyenda mtunda wautali, imene amachita kudula ndi mpeni ngakhale itakhwima. Mufunseni wokuodetsaniyo kuti ake ndi a mtundu uti, ndipo anathyoledwa liti. Ameneyu mudzafunika kubwererakonso, choncho ndi bwino kudziwa msanga ngati amanena zoona.

Kenako yang'anani mtundu wa khungu m'mipata ya ukonde uja. Likakhala lobiriwira, silinafike. Lakupsa limaoneka lachikasu chotuwirako, ukonde wake uli wotukuka bwino ndi wokhakhala. Mbali imene linagonera pansi imatha kukhala yoyererako, zimenezo zisakudetseni nkhawa. Litembenuzeni, dinikizani pang'ono ndi chala chachikulu kunsi kwake, mbali yoyang'anana ndi mchombo ija. Pazilola pang'ono chabe, ndipo pazimveka kafungo kokoma kosapitirira. Fungo likamapita ku mowa, kapena mukaligwedeza n'kumva njere zikukhutchumuka m'madzi, limenelo lapsa mopitirira. Ndikukhulupirira kuti anayi anu aja anali otere. Linyamuleninso m'manja: pa awiri ofanana kukula, tengani lolemerapo. Zogogoda ndi chala zija zisiyireni mavwende wamba, kuno sizithandiza kwenikweni.

Tsopano apa ndi pamene mumasiyana ndi munthu wogula limodzi loti akadye madzulo. Iyeyo akufuna lakupsa lero. Inu mukufuna mavwende oti azipsa motsatana ndi mmene malonda anu amayendera. Onse akhale okhwima, a mchombo wosalala, koma asakhale ofewa mofanana. Ngati mumagulitsa asanu patsiku, tengani asanu okha onunkhira ndi olola kunsi, ena onsewo akhale olimbirapo, oti afewe pakatha masiku awiri kapena atatu. M'mawa uliwonse agwireni limodzilimodzi, ofewa muwaike kutsogolo. Limene mukuona kuti silifika mawa, litsitseni mtengo lero lomwe. Ndikudziwa kuti kutsitsa mtengo kumawawa, koma kubweza theka la ndalama kuli bwino kusiyana n'kukataya kudzala. Asakhale padzuwa, musawaunjike mulu wautali, ndipo atalikirane ndi nthochi zakupsa chifukwa mpweya umene zimatulutsa umafulumizitsa kupsa. Ngati muli ndi furiji, akupsawo amasungikamo pafupifupi sabata.

Mwina mwaganizapo zomadula ofewawo n'kumagulitsa zidutswa. Nzeru yake ndi yabwino, koma samalani kwambiri. Khungu lokhakhala lija limasunga dothi ndi tizilombo, ndipo mpeni umatitengera m'kati. M'chaka cha 2011, ku United States anthu 33 anamwalira ndi matenda a listeria, oyambitsidwa ndi tizilombo tokhala m'zakudya, atadya mavwende a cantaloupe ochokera pa famu ina ya ku Colorado. Tsukani khungu ndi madzi aukhondo mokwecha bwino musanadule, mpeni ndi thabwa zikhale zoyera, ndipo zidutswa zisathe maola awiri zili kunja kwa furiji. Ngati mulibe pozizira posungira, zodula zilekeni, muzingotsitsa mtengo wa lathunthu.

Ulendo ukubwerawu odani 10 okha. Pemphani kuti akudulireni limodzi mulawe musanalipire, ngakhale litakhala loti mulilipira nokha. Mukafika, lembani m'kope tsiku limene mwaoda, amene agulidwa tsiku lililonse ndi amene awonongeka. Mukaoda maulendo atatu otsatizana osataya loposa limodzi, pamenepo mukhoza kubwerera pa 20 paja.