Wapolisi, lichero ndi kondaine: yankho kwa mphunzitsi wa ku Bembeke

Mphunzitsi wina wa ku Bembeke wanditumizira imelo. Akulemba nkhani yopeka ya wapolisi wamkazi wofufuza imfa ya wogulitsa kachewere pa Lizulu, m'dziko lomwe anthu amauluka pa lichero, koma mtima wa wapolisiyo uli pa mnyamata yemwe akumuganizira mlanduwo. Akufunsa kuti: "Ngati wakupha angasanduke fisi kapena kulowa m'nyumba yokhoma, wapolisi afufuzanso chiyani? Osangopita kukaombeza bwanji?"

Achemwali, matsenga akwathu kuno ali ndi malamulo ake. Mankhwala alionse amayenda ndi chizimba komanso zoletsa. Sing'anga amati ukasambe pamphambano usiku, pobwerera usacheuke, ukangocheuka, zasuluka. Anthu amati lichero likadutsa pakhomo lotsirika limagwa, mwini wake n'kupezeka m'mamawa ali chibadwire. Wapolisi wanu adyera pomwepo. Afunse kuti chizimba anagula ndani, ndani ankakana ndiwo zamchere sabata imeneyo, nanga amene anatsirika nyumba ya malemu anasiya mpata pati. Malamulowo owerenga awadziwe nkhani ikamayamba, ndipo musadzawasinthe pakati chifukwa choti mwathedwa nzeru.

Ula muulole kulankhula, koma mwa miyambi, ndipo woombezayo akhale munthu woti angalandire mbuzi kumbali. Mukaika nkhaniyi ku Dedza kwenikweni, kumbukirani kuti lamulo la ufiti la 1911 linaletsa mwabvi komanso kuloza munthu chala kuti ndi mfiti. Ndiye zonena ula sizingalowe m'khoti. Chonde, wolakwa asakhale gogo wosauka wa kumapeto kwa mudzi. Agogo athu azunzika mokwanira ndi bodza limeneli.

Za chikondi ndiye muli ndi chuma chomwe simunachione: kondaine. Wapolisiyo adya nsima kwa mnyamata uja kamodzi kokha, kenako tulo osabwera. Wamukonda yekha, kapena wadyetsedwa kuti mlandu uzizire? Afufuze mtima wake ngati mmene akufufuzira imfa ija, ndipo mayankho onse awiri atuluke tsiku limodzi.

Malo simungasowe. M'mapiri a Chongoni muli malo 127 a zojambula pamiyala, omwe UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe, inawaika pa mndandanda wa malo ofunika kutetezedwa pa dziko lonse mu 2006. Phanga limodzi lingabise mboni. Zakudambwe zokha zisiyeni. Mutu woyamba ukatha munditumizire, ndione ngati nkhungu ya mu Juni ya kwanuko mwaigwiritsa ntchito.